Nambala ya Munthu Wina

Germiston, Joni
6 Novembala 2022

Achemwali anga a Molly,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana kumeneko ku Tengani. Ine ndinafika bwino, kungoti miyendo inatupa chifukwa chokhalitsa m'basi. Kalatayi ndapatsira a Paul, aja amanyamula katundu wa anthu kuchoka kuno kupita ku Bangula ndi ku Nsanje. Ndikanakuimbirani, koma poti foni yanu inapita ndi madzi a mu Januwale, tizingolemberana ngati kale.

Ntchito ndaipeza monga analonjezera mnzanga Tiyamike. Ndikusamalira gogo wina amene sayenda. Ndimamusambitsa, kumudyetsa ndi kumutembenuza pabedi. Kogona ndi kwa Tiyamike komweko, kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya eni ake, ndipo tilimo anayi.

Chimene chinandisowetsa mtendere masiku oyamba ndi foni. Simu ya kwathu inasiya kugwira titangodutsa pa Mwanza. Titafika ku Tete inadzuka, n'kudya mayunitsi onse ndisanaimbe n'komwe. Nditafika kuno ndinapita kusitolo ya mafoni. Mtsikana wa pamenepo anandionetsa masimu a mitundu ingapo, ena otchipa poimba, ena a data yambiri. Ine ndinaloza ya data, chifukwa chimene ndikufuna ndi kuona nkhope ya Glory pa vidiyo. Koma anati kuti simu ilembedwe m'dzina langa, ndibweretse pasipoti ndi kalata yosonyeza kumene ndimakhala. Pasipoti ndinali nayo. Nanga kalata ya nyumba ndiitenga kuti, ine wogona pansi m'chipinda cha mnzanga?

Tiyamike anati ndidikire mwezi umodzi kapena iwiri, abwana akandizolowera adzandilembera kalatayo. Achemwali, miyezi iwiri osamuona mwana wanga? Pa siteji ya mateksi pali bambo wina amagulitsa masimu olembetsa kale, ali ndi data m'kati, safunsa pepala lililonse. Tiyamike anandikoka dzanja kuti tizipita, koma mawa lake ndinabwererako ndekha n'kugula. Ikugwira bwino kwambiri.

Nambala ndalemba kuseri kwa pepalali. Mupatse bambo a Glory, a Sebastiano, ndipo muwauze kuti akamapita kukatchajitsa foni pa Tengani azimutenga mwanayo. Mundiuze ngati chifuwa chake chija chinatha, komanso ngati mapira mwabzala.

Ndine mng'ono wanu,
Pilira

*

Tengani
28 Novembala 2022

Pilira mng'ono wanga,

Kalata yako ndalandira, takhuta, zikomo kwambiri. Kuno tili moyo. Dzuwa latentha moti mbuzi zikungobisala pansi pa nkhokwe. Mapira sitinabzale, tikudikira mvula yachiwiri.

Glory chifuwa chinatha. Tsiku lija munaonana pa vidiyo, pobwerera mwanayo sanayende, amangodumpha njira yonse. Wauza aliyense kuti amayi ake amakhala m'nyumba ya magalasi. Usiku amagona kwa ine masiku ena, masiku ena kwa bambo ake.

Koma pali kankhani kena kamene sindingakubisire. Mwini wa shopu yotchajira mafoni ali ndi chinthu china m'foni mwake chimene chimaonetsa dzina la mwini nambala. Alamu anga a Sebastiano anamupatsa nambala yako kuti awathandize kuisunga bwino, ndipo panatuluka dzina la mwamuna, Sibusiso. Mwini shopuyo analiwerenga mokweza, anthu ali pomwepo kudikira mafoni awo. Wina anati akazi a ku Joni satha mwezi asanapeze wowagulira simu. Anthu anaseka. Alamu anaimirira. Anangotenga foni yawo isanadzadze, n'kukwera njinga.

Ine ndinawaonetsa kalata yako, pomwe unalemba za bambo wa pa siteji ya mateksi. Anawerenga, n'kunena kuti amva. Koma ukuwadziwa amuna ako, akati amva ndiye kuti nkhani yalowa m'mimba. Masiku ano sakupitanso kubawo. Akaweruka ku dimba amangokhala pakhonde.

Sindikukukayikira, Pilira. Ndinakulera ndekha amayi atamwalira, ndimakudziwa. Koma ndiuze, Sibusiso ameneyu ndani? Ngati ndi dzina chabe la pa simu, itaye ugule ina, ngakhale ikhale yodula. Ukamayankhula ndi alamu uwafotokozere wekha ndi pakamwa pako.

Mchemwali wako,
Molly

*

Germiston
18 Disembala 2022

Achemwali,

Moni nonse. Kalata yanu yandipeza ndili kale m'mavuto a simu yomweyo.

Sibusiso sindimudziwa, sindinamuonepo. Ndinayamba kulimva dzinali sabata yoyamba yomwe, chifukwa anthu ankaimba n'kumamufunsa. Mayi wina ankaimba tsiku lililonse, akamva mawu anga n'kuyamba kundilalatira m'Chizulu. Ndinkangodula. Bambo a Glory sindinawauze, ndinkaopa kuwapatsa maganizo pa zinthu zopanda pake. Titayankhulana komaliza ndinaona kuti mawu awo auma, koma sanandifunse kalikonse, ndipo nthawi yonse inathera pa Glory amene amandionetsa dzino lake logwedera.

Sabata yatha ndikudzuka m'mawa ndinapeza foni ilibe netiweki. Ndinaizimitsa, kuiyatsa, kuchotsa simu, kuipukuta, osatheka. Ndinathamangira pa siteji paja koma bambo wogulitsa uja palibe, pamalo pake pali mayi wogulitsa zipatso amene akuti samudziwa. Kusitolo anandiuza kuti nambalayo inali ya munthu amene anabedwa foni, ndipo mwini wake wapita ndi ziphaso zake kukaitenganso. Watsapu yanga nayonso yatsekeka. Zonse zapita kwa iyeyo.

Chonde, achemwali, mukangolandira kalatayi thamangani mukawauze bambo a Glory kuti asaimbenso nambala ija. Adzayankha ndi munthu wina. Ndayesa kuwaimbira pa foni ya Tiyamike madzulo angapo, koma mukudziwa kuti yawo imakhala yozima mpaka atapita pa Tengani. Tiyamike amagwira ntchito kutali ndi ine, masana foni amakhala nayo yekha. Ndawatumizira uthenga, sindikudziwa ngati wafika.

Yogula pamsewu sindigulanso. Ndapempha mwana wa gogo uja kuti andilembere kalata ya nyumba, wati akabwera kutchuthi mu Januwale. Ndidikira. Tiyamike sanandinene, koma ndikamuyang'ana ndimachita manyazi.

Pamodzi ndi kalatayi ndatumiza diresi ndi nsapato za Glory. Avale pa Khirisimasi. Mumuuze kuti amayi ake foni yawavuta, asaganize kuti ndamuiwala.

Pilira

*

Tengani
2 Januwale 2023

Mayi a Glory,

Ndine Sebastiano. Moni. Ine ndili bwino, mwana ali bwino.

Sindidziwa kulemba zambiri, ndiye ndingonena zimene zachitika. Pa Khirisimasi Glory anadzuka kusanache kuti tipite tikakuoneni pa foni. Ndinamusambitsa ndekha, ndinamupesa tsitsi, ndinamukweza panjinga mpaka pa Tengani. Anthu anali ambiri pashopu. Ndinaimba pa vidiyo, mwana atagwira foni ndi manja awiri. Anayankha ndi mwamuna, ali chigonere pabedi, wopanda malaya. Kumbuyo kwake ndinamva mkazi akuseka. Ndinalanda foni n'kufunsa kuti Pilira ali kuti. Iye anati ndisiye kuimba nambala yake, n'kudula. Glory anandifunsa kuti bambo amenewo ndani. Anthu onse anamva.

Uthenga wanu wa pa foni ya Tiyamike ndinauona pambuyo pake, woti simu yatayika. Ine ndinaona ndi maso anga amene anaitola.

Pamene munkati mupite ku Joni, abale anga anakana. Ine ndinawauza kuti nkhabe, ayi ndithu, mkazi wanga ndimamudziwa, apite akatithandize kumanganso nyumba imene madzi anagwetsa. Ndinagulitsa ng'ombe imene inatsala kuti mupeze pasipoti. Lero sindingathe kudutsa pamsika. Ana a sukulu akanditsata m'mbuyo amanditchula Sibusiso.

Sindikutukwanani. Mwina moyo wa kumeneko ndi wovuta kuposa mmene ndikuganizira. Koma kuno sindingakhale. Ndikuwoloka Shire kupita kwa makolo anga kutsidya, ndikalima dimba la bambo anga. Glory ndikumutenga. Chuma cha ukwati ndinapereka chonse, mwana ndi wa kwathu, a Molly akudziwa mwambo. Sadzagona ndi njala.

Musavutike kuimba. Simu ya kuno ndiisiya, kutsidya imagwira ndi ya Mozambiki.

Sebastiano

*

Tengani
9 Febuluwale 2023

Pilira,

Kalata yako ya mu Disembala yafika lero. Lero, Pilira. A Paul galimoto yawo inafera ku Tete, katundu yense anakhala kumeneko mpaka anapeza chitsulo chake. Diresi ya Glory yafika itachita nkhungu pakhosi. Ndaichapa, ili pachingwe.

Ndaiwerenga kalatayo nditakhala pansi pa mtondo. Ikanafika nthawi yake bwenzi zonsezi kulibe.

Alamu anawoloka pakati pa Januwale. Ndinayesa kuwaletsa. Ndinawagwadira kuti andisiyire mwana mpaka timve mbali yako, koma amalume awo anabwera awiri, n'kunena kuti ine ndilibe mawu pa mwana wa eni. Ndinapita kwa akulu a mpingo, anati nkhani ya banja ikambidwe mwini wake akabwera. Glory sanalire pokwera bwato. Ankaganiza kuti akupita kukacheza kwa agogo ake. Anandiuza kuti ndimusungire nkhuku yake ya mawanga, ndipo amayi ake akaimba ndiwauze kuti dzino lija linachoka.

Ndikuuze zoona, ngakhale ine mtima unagwedezeka nditamva za pa Khirisimasi. Masabata onsewa unali chete, ndipo amene anaona mwamunayo pa foni si alamu okha. Sindinakulembere chifukwa sindinkadziwa cholemba. Undikhululukire.

Mawa ndipita kudooko. Madzi akwera ndipo eni mabwato akukaniza, komanso ndi kolera wavutayu anthu a kutsidya sakufuna alendo. Koma ndiyesa. Ndikufuna alamu aigwire kalatayi ndi manja awo, aone tsiku limene unailemba, kuti unachenjeza Khirisimasi isanafike.

Usataye mtima. Udzidya.

Molly

*

Germiston
26 Febuluwale 2023

Achemwali,

Makalata awiri, yanu ndi ya bambo a Glory, ndalandira tsiku limodzi. Ndinayamba ndi yawo. Ndinawerengera m'bafa mwa abwana, madzi ndikuwatsegula kuti gogo asamve.

Sindikudziwa kuti ndiyambire pati. Ndikamutembenuza gogoyu, ndikamupukuta, ndimangoona Glory atagwira foni ndi manja awiri, akudikira nkhope yanga, n'kutulukira munthu wachilendo. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi anaganiza chiyani? Kutsidya kuja kulibe sukulu yapafupi. Chipatala n'kutali. Agogo ake aakazi maso anachita khungu, ndani akumupesa tsitsi?

Bambo a Glory sindikuwada. Chimene anaona, aliyense akanaganiza zomwezo. Ndimangodzifunsa chifukwa chimene sindinadikirire miyezi iwiri ija. Lero yadutsa inayi, ndipo mwana ndamuona pa vidiyo kanayi kokha.

Kalata ya nyumba anandilembera. Tsopano ndili ndi simu ya dzina langa, Pilira, lolembedwa ndi pasipoti yanga. Kusitolo sizinatenge ngakhale nthawi yophika ndiwo. Nditatuluka ndinakhala pabenchi panja, foni ili m'manja, data yodzadza, wopanda womuimbira. Nambala yawo yakale ndimaimbabe m'mawa uliwonse, imangoti siikupezeka.

Nambala yatsopano ili pansipa, ndailemba kawiri kuti pena pakafufutika pena patsale. Mupite nayo kutsidya. Muwauze afunse aliyense amene ali ndi chinthu choonetsa maina chija, aone dzina limene lituluke. Ngati sakufuna kuyankhula nane, angomupatsa mwana foni, iwo aime patali.

Masiku amene anandidindira m'pasipoti anatha kalekale. Akuti ndikatuluka adzandiletsa kulowanso kwa zaka. Zilibe kanthu. Ndikalandira malipiro a Malichi ndikukwera basi, ndidzawoloka Shire ndekha ndikagwade pamaso pa apongozi. Nyumba tidzamanga ya udzu.

Mupite, achemwali, chonde.

Pilira

*

Msasa wa pasukulu, Tengani
27 Malichi 2023

Pilira mwana wa amayi anga,

Uja anaimba Lachinayi lapitali osayankhula ndinali ine. Ndinabwereka foni kwa mayi wina wa bungwe logawa ufa. Ndinamva ukuti, "Halo, ndani? Achemwali?" Ndinadula. Ndalephera kukuuza ndi mawu, ndiye ndikulemba. Ukhale pansi, ndipo ngati Tiyamike ali pafupi umuitane.

Za namondwe wa Freddy wamva. Nyumba yanga inagwa, mbuzi ndi mapira zonse zinapita. Ine ndi ana anga tinathawira kumtunda, tili kuno kusukulu, tikugona m'kalasi anthu osawerengeka.

Kutsidya sindinafikeko. Mu Febuluwale ndinapita kudooko katatu, eni mabwato anakana. Ndinatuma msodzi wina kuti akawauze alamu za kalata yako. Anabwera ndi yankho loti ngati kalatayo ilipodi, ndipite nayo aione. Yako ya nambala yatsopano itafika ndinagwirizana ndi mwini bwato wina kuti andiwolotse Lamulungu. Mvula inayamba Loweruka.

Sabata yatha asodzi anabweretsa anthu amene anawatola kumadimba a kutsidya. Alamu anali m'gulumo. Sindinawazindikire msanga, miyendo yonse mabala, atavala thumba. Anali okha.

Akuti madzi anafika mofulumira, ochokera mbali ziwiri. Makolo awo anakana kutuluka m'nyumba. Alamu anamubereka Glory kumsana, kumumanga ndi chitenje, n'kukwera mumtengo. Anakhala m'menemo mvula ikuwakhuthukira mpaka kunja kunacha, kunadanso, kunachanso. Kenako madzi anakumba mizu, mtengo unagwa. Pamene ankatulutsa mutu m'madzi, chitenje chinali chikadali pachifuwa pawo, chomangika, koma kumsana kunalibe munthu.

Afunafuna, Pilira. Asodzi afunafuna m'mabango mpaka kumunsi. Glory sanapezeke.

Dzana ndinawapeza alamu atakhala kuseri kwa kalasi, ufa umene analandira uli pambali osautsegula. Makalata ako ndinathawa nawo m'kapulasitiki pamodzi ndi khadi la kuchipatala. Ndinawapatsa ya mu Disembala ija. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chili pa mzere. Atafika pomwe unati asaimbenso nambala ija, anabwerera pamwamba kukaona tsiku. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana tsikulo. Kenako anawerenga mpaka kumapeto, n'kundifunsa kuti, "Diresiyo inali ya mtundu wanji?" Nditawauza kuti inali yachikasu, anagona chafufumimba pansi, nkhope m'dothi. Azibambo anachita kuwanyamula.

Nambala yako yatsopano anaipempha, ndawalembera pa chikatoni. Amayenda nayo m'manja tsiku lonse. Mayi wa bungwe uja wawauza kuti akhoza kubwereka foni nthawi iliyonse, koma akafika pafupi naye amabwerera.

Akulu a mpingo akuti tichite mapemphero ngakhale palibe thupi. Ine ndati tidikire mawu ako. Msewu wa ku Bangula waduka, a Paul akuti katundu akumuwolotsa pamutu, koma kalatayi alonjeza kuti aisunga m'thumba la malaya.

Ndinakulonjeza kuti ndipita. Sindinapite.

Molly

*

Germiston
16 Epulo 2023

Achemwali,

Kalata yanu ndalandira. Ndinali nditadziwa kale. Tsiku lija mutadula ndinaimbanso nambalayo, mayi wa bungweyo anayankha. Nditatchula dzina langa anati pepani mayi, abale anu akulemberani. Munthu sanena pepani pa nkhani ya mbuzi.

Musadziimbe mlandu. Mtsinje unali wodzadza, mukanamira nanunso, ana anu akanatsala ndi yani?

Ntchito ndikupitabe. Gogo uja amafuna kusambitsidwa tsiku lililonse, ndiye ndimadzuka, ndimapita. Tiyamike amandikakamiza kudya. Tikiti ya basi ndinali nditagula, ndaibweza. Sindingathe kubwera panopa n'kuuona mtsinjewo. Malipiro a Malichi ndapatsira a Paul, mugule mapepala apulasitiki ofolera ndi mbewu ya dimba madzi akaphwa.

Mapemphero chitani. Musandidikire. Muimbe nyimbo zimene ana amaimba ku Sande sukulu, osati za maliro a akuluakulu.

Bambo a Glory muwauze aimbe. Sindiwatukwana, mphamvu zake ndilibe, ndipo mwanayo anamugwira mpaka pomwe manja a munthu amathera. Foni ndimagona nayo, ndimasamba ili pawindo. Pali chinthu chimodzi chimene iwo okha ndi amene angandiuze. Miyezi iwiri imene anakhala kutsidya, Glory ayenera kuti ankafunsa za ine. Mumtengo muja ayenera kuti anandiitana. Ndikufuna ndidziwe zimene ankamuyankha. Ngati anamuuza kuti amayi ake akubwera, andiuze. Ngati anamuuza kuti amayi ake anamusiya n'kukwatiwa ku Joni, andiuzenso, asandinamize.

Pilira